Chileka mpaka Joni: maola awiri kapena masiku awiri?

Anzanga a pamsika, pali funso limene amalonda ambiri timalizemba ngati mwini katapila. Funso lake ndi ili: kodi munthu wa geni, wogulitsa nsapato, meshi ndi zodzola ngati ine, angakwere ndege popita kukaoda katundu ku Joni osapsereza mpamba? Ukangoyambitsa nkhaniyi pa benchi, ena amaseka n'kunena kuti ndege ndi ya nduna ndi azungu. Ena amakuyang'ana cham'mbali n'kuti, "Mwayamba matama eti, asisi?" Koma ambiri oyankha chonchiwa sanakhalepo pansi n'kuwerengera. Ine njira ya Tete ndayiyenda pa basi kwa zaka zoposa 20, ndipo ndege ya Joni ndakwerapo maulendo anayi. Ndiye lekani ndikuyalireni masamu ake monga ndawaonera, aliyense agamule yekha.

Tiyambe ndi mtunda. Mutatenga ulusi n'kuukoka pa mapu kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka mpaka pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, mupeza makilomita pafupifupi 1,350. Ulusiwo uwoloka Zambezi kumunsi kwa Tete, udutsa chakufupi ndi Mutare, n'kukawoloka Limpopo kum'mawa kwa Beitbridge. Harare atsala kumadzulo osakhudzidwa n'komwe. Msewu ulibe ufulu woterowo. Basi imayenera kukhotera ku Mwanza, kulowa pa Zobue, kutsetsereka mpaka ku Tete, kukwera ku Nyamapanda, kukazungulira ku Harare, kenako Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane, n'kukatula pa Park Station. Pamenepo mwayenda makilomita opitirira 1,700.

Taonani bwino apa. Mitunda iwiriyi ikungosiyana ndi makilomita osapitirira 400, kungoposa pang'ono ulendo wa Blantyre ndi Lilongwe. Koma nthawi yake ndiye yasiyana ngati njovu ndi mbewa. Ndege yosaima pena imatenga maola 2 ndi mphindi 15 kapena 20. Basi ndikaiwerengera kuyambira pa depoti mpaka kutsika, sinanditengerepo maola ochepera 30, ndipo nthawi ya Khirisimasi ndinakwanitsapo maola 40 ndili m'njira. Chonsecho basi itati ingoyenda osaima, pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ulendo wonse ungathe m'maola 22. Nanga maola ena 8 aja, pena 18, amapita kuti? Amathera pa mzere.

Pakati pa Blantyre ndi Joni pali zipata zitatu, ndipo chipata chilichonse chili ndi mazenera awiri, lotulukira ndi lolowera. Mwanza ndi Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge mbali ya Zimbabwe ndi mbali ya South Africa. Kutsika kasanu ndi kamodzi, kuima pa mzere kasanu ndi kamodzi, ndipo basi sinyamuka mpaka munthu wotsiriza atadinditsa. Mmodzi yekha akakhala ndi vuto la mapepala, anthu 60 mudikira. Onjezanipo marodibuloko, kutentha kwa ku Tete koti madzi a m'botolo amasanduka a tiyi, ndi pobwerera pamene akasitomu akuti thilela yonse itsitsidwe, chikwama ndi chikwama. Mu 2022 a Zimbabwe anatsegula malo atsopano a mabasi pa Beitbridge ndipo zinthu zinapepukako, koma mzere wa mu December sunachite manyazi ndi nyumba yatsopanoyo.

Palinso chinthu china chimene ambiri sitichiika m'masamu: masamba a pasipoti. Ulendo umodzi wa pa basi, kupita ndi kubwerera, umadya zidindo 12. Wa pa ndege umadya 4 zokha. Woyenda mwezi ndi mwezi pa msewu amapeza buku ladzaza zaka zake zisanathe, ndipo nonse mukudziwa mtengo wa pasipoti ndi mzere wake.

Tsono ndegeyo imatani kuti ithe msanga chonchi? Ndege za mtundu wa Boeing 737, zimene zimakonda kuyenda njirayi, zikafika m'mwamba zimathamanga makilomita opitirira 800 pa ola. Zimakwera kuposa makilomita 10 kuchokera pansi, kutanthauza kuti nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, ya mamita 3,002, mutaisanjikiza katatu simunafikebe. Kumwambako mpweya ndi wopepuka, ndiye ndege imaboola mosavuta ndipo mafuta sapita ambiri. Wodziwa masamu anena kuti makilomita 1,350 pa liwiro limenelo ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Zoona. Koma nthawi yolembedwa pa tikiti imayambira pamene ndege yasuntha poimikira mpaka itakaimanso kwinako. Muli kuyenda pang'onopang'ono kupita pothamangira, muli kukwera, muli kutsika, mulinso kudikira mpata, poti O.R. Tambo ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa muno. Nayo mphepo ya kumwamba imalowererapo. Ikamawomba kutsogolo imachedwetsa, ikamakankha kumbuyo imafulumizitsa, n'chifukwa chake popita ndi pobwera zimatha kusiyana ndi mphindi zingapo. Ndege zina, zija za zopukusa m'mapiko monga Q400, zimathamanga cha m'ma 650, choncho pa ulendo wautali zimawonjezera nthawi.

Koma asakunamizeni kuti mukadzuka ku Ndirande 8 koloko ndiye kuti 10 koloko muli pa sitolo ku Joni. Kuwerengera koona ndi kwa khomo ndi khomo. Chileka ali pa makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni, ndiye ikanipo mphindi 40. Pa ulendo wa kunja amafuna mufike maola 2 kapena 3 ndege isananyamuke. Onjezani maola 2 ndi mphindi 15 a m'mwamba. Mukatera, mzere wodinditsa ndi kudikira chikwama zimatha kudya ola lathunthu. Bwalolo lili ku Kempton Park, makilomita opitirira 20 kuchokera pakati pa mzinda, ndiye pakufunika takisi kapena sitima ya Gautrain, imene inayamba mu 2010, ndipo siyotchipa. Zonse pamodzi ndi maola 7. Kuyerekeza koyenera ndi maola 7 kwa maola 30 kapena kuposa. Apobe ndege yapambana kutali, koma ndi bwino kudziwa nambala yeniyeni.

Masamu omwewa mukawatengera pa ulendo wa Chileka ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, nkhani imatembenuka. M'mwamba ndi makilomita pafupifupi 245, mphindi 40 kapena kuposa pang'ono, moti ukangomaliza kumwa madzi akuti mangani malamba tikutsika. Pa msewu wodzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310, maola 4 ndi theka pa basi yabwino. Koma bwalo la Kamuzu, limene linatsegulidwa mu 1983, lili pa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa Lilongwe. Mukaphatikiza kupita ku Chileka, kudikira, kuuluka, kutenga chikwama ndi kufika ku Area 2, mwatha maola 3 ndi theka. Mwagula ola limodzi ndi ndalama yoti mukanaodera belo la kaunjika. Apa ndiye mawu a akulu aja akukwana, kuthamanga sikufika. Ndege imabweza ndalama yake pamene mtunda uli wautali ndipo m'njira muli zipata. Pa kamtunda kakafupi kopanda chidindo, basi ndi mfumu. Anzathu a ku Lilongwe adziwenso kuti ndege zina za ku Joni zimayamba zatera pa Chileka, ndiye afunse pogula tikiti, poti kuterako kumawonjezera ola kapena kuposa.

Chabwino china pa njira ya Joni n'chakuti wotchi siisintha. Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa tonse tili pa nthawi imodzi. Koma inu opita ku Dar es Salaam, Nairobi kapena Addis Ababa, kumbukirani kuti kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi. Dubai ali patsogolo ndi maola 2, Guangzhou ndi maola 6. Pa tikiti amalemba nthawi ya dera limene ndege ikunyamukira ndi ya dera limene ikukatera, choncho ulendo wopita umaoneka wautali, wobwerera n'kuoneka waufupi, pamene ndi umodzimodzi. Ndinakumanapo ndi mayi wina akulira pa bwalo la ku Nairobi, ndege yamusiya chifukwa wotchi yake inali ikadali ku Limbe.

Zoti ndege ndi ya mabwana zimandiseketsa ndikakumbukira malemu bambo anga. Sanapitirire Sitandade 3, nsapato anayamba kuvala atakula, koma ndege anakwera ine ndisanabadwe. Anali mmodzi mwa anyamata zikwizikwi amene Wenela inkawatenga kupita ku migodi. Ankanyamukira pa Chileka pomwepa, kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza pa sitima mpaka ku Joni. Ankati m'ndegemo munalibe kusekerera kwa atsikana ogawa tiyi, munali kusanza ndi kupemphera basi. Pa 4 April 1974 ndege ina ya Wenela yobwera ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anathera pomwepo, ndi mabokosi awo a zovala za akazi ndi ana. Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku migodi. Unadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Lero dzina lija latsalira pa depoti ya mabasi ya Wenela mu Blantyre. Ndiye ndikamva wina akuti munthu wamba alibe malo m'ndege, ndimati Amalawi oyamba kudzaza ndege pa Chileka anali amphawi anzathu, ndipo thukuta lawo ndi limene linalipira.

Njira zonse ziwiri zili ndi masiku ake otsekeka. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, magalimoto ankadutsa ku Tete pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo amayi amene anatiphunzitsa geniyi amasimba za kugona pansi pa mipando zipolopolo zikulira. Kumapeto kwa 2024, chisankho cha kumeneko chitavuta, misewu inkatsekedwa ndi zipolowe, ambiri tinakhala pansi nyengo ya malonda ili pakamwa. Nako kumwamba sikuti kulibe zake. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatha mu 2013, ndipo mu 2014 m'malo mwake munalowa kampani yatsopano imene boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines. Mu 2019 msewu waukulu wothamangira ndege pa Chileka unatsekedwa kwa miyezi kuti aukonze. Mu 2020 matenda a Covid-19 anatseka zonse, pansi ndi m'mwamba momwe. Wamalonda wodziwa njira imodzi yokha tsiku lina amadzagwira njakata.

Ulendo wanga woyamba wa ndege sunali wa geni. Ndinali ku Joni, katundu nditagula kale, Lachiwiri madzulo, pamene foni inalira. Anali achimwene anga aakulu ali kumudzi ku Thyolo. Anati, "Achemwali, limbani mtima. Amayi atisiya. Akuluakulu akuti tiika Lachinayi masana, thupi silingadikire." Ndinakhala pansi pa zikwama zanga n'kuyamba kuwerenga maola ndi zala. Basi yonyamuka Lachitatu m'mawa, zonse zitayenda bwino, ikanafika ku Blantyre Lachinayi madzulo. Kuchoka apo mpaka kumudzi, ndikanapeza anthu atasamba kale m'manja, manda atawundidwa. Amayi anzanga atatu amene tinkagona chipinda chimodzi sanachedwe. Wamkulu mwa iwo anamasula mpango nati, "Mwana wanga, ndalama tidzapeza zina, mayi sadzabweranso. Mawa ukwere ndege." Anasonkha, ine n'kuwonjezera yonse imene inatsala, katundu n'kuwasiyira kuti abwere naye pa basi.

Lachitatu dzuwa lisanapendeke ndinali pa Chileka. Mdima usanagwe ndinali pa siwa, nditakhala pambali pa amayi anga, ndipo usiku wonse ndinaimba nawo limodzi ndi amvano anzawo. Tikiti ija inadya phindu lonse la ulendowo ndi theka la wotsatira, ndipo ngongole ya anzangawo ndinabweza kwa miyezi itatu. Mpaka lero sindinaiwerengepo ngati ndalama yotayika. Kuyambira pamenepo, ndikamanyamuka ndimasiya padera kandalama koti sindikagwira ngakhale nditaona nsapato zotchipa bwanji. Ena amati ndi mpamba wogona. Ine ndimati ndi maola 25 amene ndawasunga m'thumba.

Tibwerere ku geni, poti si tsiku lililonse kuli maliro. Masamu ake ndi awa. Lembani mtengo wa ndege, kupita ndi kubwerera, n'kuchotsapo mtengo wa basi. Pa yotsalayo chotsaninso zimene mumataya m'njira: chakudya cha masiku anayi, zimbudzi ndi mabafa olipira, ndalama imene imatsalira kwa osintha mukamachoka ku kwacha kupita ku metikali, ku dola, ku randi, ndi ya fanta ija imene sitiitchula mokweza. Kenako werengani masiku. Wa basi amakhala m'njira masiku atatu kapena anayi, n'kuwonjezera tsiku lina logona miyendo itatupa ngati mitsuko. Wa ndege amataya theka la tsiku popita ndi theka pobwera. Kusiyana kwake ndi masiku atatu, pena anayi, amene benchi lili lotseka kapena lili m'manja mwa mwana wa achemwali amene amachotsera mitengo anzake onse. Ngati phindu la masiku amenewo likuposa ndalama yatsala pa pepala ija, kwerani ndege. Ngati silikufika, basi ikadali yanu.

Ndinene mosabisa kuti kwa ambiri a ife, miyezi yambiri, silifika. Mtengo wa tikiti umatsatira dola, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, matikiti anakwera nthawi yomweyo pamene makasitomala athu malipiro awo anali omwe aja. Koma pali nyengo zimene masamu amalola. Sabata ziwiri Khirisimasi isanafike, tsiku limodzi pa benchi limaposa sabata yathunthu ya mu February, ndipo ndi nthawi yomweyo imene Beitbridge amadzaza. Pali nthawi imene wakuodetsa katundu wa ukwati ndipo tsiku silisuntha. Palinso msinkhu. Ine msana unayamba kudandaula, ndipo ndalama ya kuchipatala nayonso ndi ya m'thumba lomwelo.

Chachikulu chimene chimagamula ndi sikelo. Makampani ambiri amalola chikwama chosapitirira makilogalamu 23, ena ziwiri, ndi kachikwama ka m'manja ka makilogalamu 7. Kupitirira apo mulipira mtengo woti misozi ituluke. Choncho ndege ndi ya katundu wopepuka koma wodula: meshi wabwino, mafoni ndi magalasi ake, mawotchi, ndolo, zovala za ukwati. Mabulangete, mapoto, makatoni a mafuta ophikira ndi zikwama zamizeremizere zija, zimenezo ndi za thilela. Dziwaninso kuti zamadzimadzi zopitirira mamililita 100, monga perefyumu ndi mafuta odzola, saloleza m'kachikwama ka m'manja, pamene ma power bank amafuna akhale m'manja, osati m'chikwama chopita pansi. Ndipo musaganize kuti pa Chileka palibe a MRA. Msonkho umene mukanalipira pa Mwanza ukudikirani pamenepo, ndiye malisiti akhale pafupi.

Ena masiku ano amagawa pawiri: munthu pa ndege, katundu wolemera pa thiraki. Zimayenda, bola wonyamulayo akhale womudziwa kwawo ndi kumene amagona, ndipo chikwama chilichonse chilembedwe m'buku inu mukuona. Ine ndinadikirapo makatoni milungu isanu, foni ya mnyamatayo ikungoti sakupezeka. Chenjeraninso ndi matikiti ooneka otchipa pa intaneti. Ena amadzera ku Addis Ababa, kutanthauza kuuluka makilomita pafupifupi 2,800 kulowera kumpoto, kudikira kumeneko, n'kubwereranso kumwera makilomita opitirira 4,000. Ndi kasanu mtunda weniweni wa Chileka ndi Joni, ndipo tsiku lathunthu litha. Safunsa anadya phula, funsani kuti ndegeyo iima kangati ndipo kuti. Tikiti yogula kudakali milungu ingapo nthawi zambiri imatsikirapo kusiyana ndi yogula mawa lake mukunyamuka. Pomaliza, masiku amene Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa popanda viza ndi osapitirira 30, kaya walowa pa Beitbridge kaya pa O.R. Tambo. Yang'anani tsiku limene alemba pa chidindo musanachoke pa zenera, poti kupitiriza masiku kumaletsetsa munthu kulowanso, geni n'kuthera pomwepo.

Ine pakali pano ndimayenda chonchi: miyezi wamba ndili pa basi ndi mtsamiro wanga ndi nkhuku yokazinga m'kontena, koma ulendo wa mu December ndimayesetsa kugula tikiti ya ndege mu October. Sabata ino, malonda akazizira masana, tengani kope la ngongole lija, tsegulani tsamba lakumapeto, mulembe mitengo iwiriyo ndi phindu lanu la tsiku limodzi. Mukafunse mtengo wa ndege nokha ku ofesi, musamvere za m'maluwa, kufunsa salipiritsa. Mwina mupeza kuti basi ikukuyenererani chaka chonse, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Koma nambala ya ofesi ya matikiti muisunge m'foni, ndi kandalama kapadera pamalo poti mwana sangafikepo.